Magetsi a Pazenera la Mayi Stubblefield

Dola imodzi Lamulungu lililonse. Umenewu ndiwo unali mtengo wa magetsi amene Bambo Cleophus Tarpley ankaimbira gitala yawo pamsika wa Maxwell Street, ndipo ine ndimati mu Chicago monse munalibe malonda otchipa kuposa amenewa. M'mawa msika ukamayamba kudzaza, zenera la m'mwamba linkatseguka, dzanja la Mayi Stubblefield n'kutuluka, nthambo yakuda n'kumatsika pang'onopang'ono ngati chingwe cha pachitsime. Bambo Tarpley ankavula chipewa, n'kumangirira dola ku kaulusi kotsika limodzi ndi nthamboyo, ndalama n'kukwera. Akalumikiza chimkuzamawu chawo, kabokosi kofiirira kong'ambika pakona, ndiye kuti tsiku layamba.

Ine ndine Vernetta Broadnax, ndimagulitsa sokosi, mapeya atatu dola imodzi. Tebulo langa ndinaliika pafupi ndi mpando wa Bambo Tarpley chaka chatha, ndipo sizinali zangozi ayi. Munthu amene akuyenda sagula sokosi. Amene waima ndiye amayang'ana pansi n'kukumbukira kuti chala chake chachikulu chikusuzumira kunja. Bambo Tarpley ankaimitsa anthu, ine n'kumawaveka. Ndisanasamukire pakona imeneyo ndinkagulitsa madazeni atatu patsiku. Nditasamuka ndinkafika asanu ndi atatu dzuwa lisanapendeke. Iwo ankadziwa, ndipo ankanditcha mnzawo wa mubizinesi amene saika kanthu m'chipewa. Ndinkawalipira ndi buledi wa soseji ndi anyezi wokazinga, ndipo mbiri yawo yonse ndinaimva iwo akutafuna.

Anabadwira kufupi ndi Tchula, ku Mississippi. Bambo awo ankalima thonje m'munda wa mzungu mogawana zokolola, kugawana kuja koti mwini munda amatenga nyama, wolima n'kutsala ndi fungo. Choimbira chawo choyamba chinali khoma la nyumba. Anamasula waya womangira tsache la amayi awo, n'kukhomera wayayo pakhoma lamatabwa, pansi n'kupanikizapo njerwa kuti akungike. Akamenya ndi chala uku akuyendetsa botolo, nyumba yonse inkalira. Tsache linabalalika, amayi anawakwapula ndi mpini wake, ndipo bambo awo, amene anali mkulu wa mpingo, anawonjezerapo zina chifukwa cha nyimbozo. Gitala yeniyeni anaipeza posinthanitsa ndi mwana wa nkhumba amene, monga amanenera okha, sanali wawo kwenikweni.

Atakula anakayendetsa nyulu kumene ankaunjika dothi lotchinga madzi a mtsinje waukulu. Loweruka ankaimba m'makomo momwe ankakazinga nsomba, malipiro ake nsomba yomweyo ndi kachasu wa chimanga. Kumeneko ndiye anaphunzira luso limene lawadyetsa moyo wawo wonse, lolowetsa dzina la munthu m'nyimbo. Nyimbo ya blues, mtundu umene iwo amaimba, imapatsa woimba mpata woganiza. Mzere woyamba amaunena kawiri, ndipo pamene pakamwa pakubwereza, mutu umakhala ukuphika mzere wachitatu. Munthu amaponya kandalama, n'kutchula dzina la mkazi amene wamuthawa kapena kapitawo amene wamuzunza, ndipo asanamalize kupukuta pakamwa amamva dandaulo lake likuvinidwa ndi nyumba yonse.

Ku Chicago anabwera nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, pasitima, ali ndi mkazi wawo Ozella ndi nkhuku yokazinga m'bokosi la nsapato. Anapeza ntchito kosungunula zitsulo. M'mabala a kuno gitala yawo yamatabwa inkangomveka ngati udzudzu, choncho anagula yamagetsi, yofiira, imene ali nayo mpaka lero. Amaimba atavala khosi la botolo kuchala chaching'ono, ndipo akalitsetsereka pamawaya gitala imalankhula ngati mayi amene akuitana mwana kutali. Mu 1951 anajambulitsa nyimbo ziwiri m'kachipinda kakuseri kwa malo ometera tsitsi. Mbale yake inamveka pawailesi kwa kanthawi, kenako kakampaniko kanatseka, mwini wake n'kuyamba kugulitsa mipando. Bambo Tarpley anatsala ndi mbale imodzi yokha, nayonso yosweka chifukwa mlamu wawo anaikhalira.

Ozella anamwalira. Eni mabala anayamba kufuna anyamata amene amaimba akudumpha, pamene Bambo Tarpley amaimba atakhala pansi, phazi lokha likugwira ntchito. M'kati mwa sabata tsopano amatsuka magalimoto pagalaji ina. Malo okhawo amene anatsala oti anthu n'kuwamva anali kona ija, pansi pa zenera lija. Iwo eni ankanena mosabisa kuti tsiku limene adzachoke pamenepo, gitala idzalowa kunsi kwa bedi ndipo sidzatulukanso.

Mayi Stubblefield, eni zeneralo, ndi amasiye, ndipo amachititsa lendi zipinda m'nyumba yawo. Ndi mayi wa mpingo weniweni, wa chipewa choyera, koma ankati magetsi sasankha nyimbo, ndipo dola ija ankaiponya m'mbale ya chopereka isanazizire. Kwa zaka zambiri iwo ndi Bambo Tarpley ankalonjerana pazenera pomwepo. Uyu, “Mwadzuka bwanji, Mayi Stubblefield.” Uyo, “Bwino, Bambo Tarpley.” Basi.

Ndiye kunabwera Purvis Gaither. Ameneyu ankachita lendi chipinda chakumbuyo, ndipo ife pansi sitinkadziwa kuti sabata yomweyo Mayi Stubblefield anali atamutulutsa chifukwa chophika matumbo a nkhumba m'chipinda ndi kutchova njuga pabedi. Anafika chakumasana, nthawi imene amayi a mpingo amakhala akutuluka m'tchalitchi n'kudutsa pakona pathu m'magulumagulu. Anaponya theka la dola m'chipewa. Anthu amaponya masenti khumi, olemera masenti 25, choncho Bambo Tarpley anatukula mutu.

“Akulu, ndiimbireni ya Earline,” anatero Purvis, nkhope ili yachisoni ngati wochokera kumaliro. “Wanditayira katundu panja. Masana ndi woyera, koma mutamva mkonono wake usiku mungathawe.”

Bambo Tarpley anamwetulira, nakweza mawu a kabokosi kaja. Botolo linatsetsereka, phazi linayamba, ndipo anaimba:

Earline, Earline, wanditayira nsapato pamsewu,
ndati Earline iwe, wanditayira nsapato pamsewu,
masana uimba zakumwamba, usiku mkonono ugwedeza denga.

Anthu anafa nacho chiseko. Ogulitsa matayala anasiya kukangana ndi makasitomala, wokazinga soseji anayamba kumenya supuni pachiwaya. Ine ndinagulitsa mapeya asanu ndi limodzi mzere wachitatu usanathe. Nyimbo inakoma, ndipo Bambo Tarpley akaona kuti yakoma sasiya. Anamupatsa Earline uja mano oikirira, anamupatsa mphaka wadiso limodzi, ndipo khamu linayamba kuvomereza dzinalo limodzi nawo. Ndinaona amayi a zipewa zoyera ataima tsidya lina la msewu. Sankaseka. Onse ankayang'ana m'mwamba.

Pakati pa mzere gitala inangoti zii. Bambo Tarpley anapitiriza kumenya mawaya opanda mawu, kenako anawerama kuti aone ngati kabokosi kapsa. Nthambo inawadutsa pamphuno ikukwera. Itangolowa pazenera, dola yawo ya m'mawa ija imene inali isanafike kutchalitchi inatsika yokha, ikuuluka ngati tsamba, n'kugwera m'sokosi zanga. Zenera linatsekedwa.

Mayi mmodzi wa mpingo anawoloka msewu, naima patsogolo pawo, nawafunsa motsitsa mawu ngati sakudziwa dzina la munthu amene amawapatsa magetsi. Bambo Tarpley anati akulidziwa, ndi Mayi Stubblefield. Mayiyo anangowayang'ana mpaka iwo anamvetsa okha kuti Earline uja ndi mwini zenera lomwelo. Titacheuka kuti tifune Purvis, tinangoona msana wake ukukhota pakona.

Lamulungu lotsatira Bambo Tarpley anabwera molawirira ngati kale, navula chipewa, nayang'ana m'mwamba. Zenera silinatseguke. Anayesa kuimba chomwecho. Gitala yamagetsi yopanda magetsi imamveka ngati ntchentche m'botolo, ndipo msika wathu si malo a ntchentche: apa wina akufuula mtengo wa mawotchi, apo mlaliki akuopseza anthu ndi moto, uko wailesi zogulitsa zikulira zonse nthawi imodzi. Anthu ankachepetsa liwiro, n'kupendeketsa mutu, n'kupitirira kumunsi kumene anyamata ena anali ndi ng'oma ndi lipenga. Choipitsitsa chinali chakuti ana a m'deralo anali ataigwira nyimbo ija, ndipo ankadumpha chingwe pansi pa zenera akuimba Earline, Earline. Bambo Tarpley anawathamangitsa ndi chipewa, iwo n'kukaimbira patali pang'ono.

Ine ndinazungulira kufuna zenera lina. Kumanja kuli sitolo imene inatsekedwa kalekale, mawaya ake anadulidwa. Kumanzere kuli katchalitchi, ndipo m'busa wake anati angapereke magetsi mosangalala tsiku limene Bambo Tarpley adzabatizidwe pamodzi ndi gitala yawo. Tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba ndi katundu wambiri kuposa amene ndinagulitsa. Bambo Tarpley sanadye ngakhale soseji. Akulongedza anandiuza kuti mwina nthawi yakwana, kunsi kwa bedi kuli malo.

Ndinawauza kuti chinthu chimene chathyoka pazenera chimakonzedwa pakhomo, akwere akapepese. Anati mwamuna sangagogode yekha pakhomo la mayi wamasiye atamuchita zoterozo, anthu a m'nyumbamo angawonjezere nkhani ina pamwamba pa iyi.

“Utsogole iwe, mwana wanga,” anatero. “Iwe pakamwa pako pamagulitsa sokosi zaubweya m'chilimwe.”

Tinapita Lachitatu masana, iwo atapempha kuchoka msanga kugalaji. Anavala suti imene anavala pamaliro a Ozella, nanyamula chitumbuwa cha mbatata chogula, chimene ndinachichotsa m'bokosi lake n'kuchiphimba ndi kansalu kuti chioneke ngati chapakhomo. Pachitseko panali kachitsulo kolembedwa kuti Mrs. W. T. Stubblefield. Anatsegula okha, natiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, natilozera mipando. Ine ndinali nditakonza mawu anga onse panjira, koma sanandipatse mpata. Anati ndikhale chete, nkhaniyi ndi ya akuluakulu.

Bambo Tarpley anayamba ndi kunena kuti sankadziwa. Mayi Stubblefield anati zimenezo akuzidziwa, ndipo n'chifukwa chake atsegula chitseko. Kenako anatiuza zimene ndikhulupirira sanauzepo munthu pamsewu wathu. Anayamba kugwira ntchito m'khitchini ya azungu ku Greenwood, ku Mississippi komweko, ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo anatulukamo tsitsi litayamba imvi. M'nyumba imeneyo aliyense ankawaitana ndi dzina lawo loyamba. Kamwana koti sikanayambe sukulu kankaima pakhonde n'kumafuula kuti abwere adzakamange nsapato, iwo ali mayi wa ana atatu. Kumeneko mkazi wakuda sankatchedwa Mayi Uje ngakhale atakalamba chotani.

“Tsiku limene ndinatsika sitima kuno, dzinalo ndinalisiya pampando,” anatero. “Pachitseko ndinalemba zilembo za amuna anga kuti ngakhale wotolera za inshuwalansi asalipeze. Anzanga a kumpingo amalidziwa koma salitchula. Amuna anga okha ndiwo ankandiitana nalo, ndipo anapita nalo kumanda. Purvis analitola kwa mng'ono wanga atabwera kudzacheza. Ndiye inu, Bambo Tarpley, mwalitenga n'kulikweza pachimkuzamawu. Ndi magetsi anga.”

Bambo Tarpley ankazunguza chipewa pamaondo. Anati iwo akanayenera kuganiza, chifukwa nawonso anatchedwa “mnyamata iwe” mpaka atakwanitsa zaka pafupifupi makumi anayi, ndi anthu achichepere oti iwo akanatha kuwabereka. Munthu woyamba kuwatcha Bambo Tarpley anali wa sitolo ya pinyolo kuno ku Chicago, amene ankafuna kuwagulitsa gitala yofiira ija pamtengo wowirikiza. Anati analipira osanenerera, ndipo akanawonjezera pomwepo bamboyo akanabwereza dzinalo.

Mayi Stubblefield anayesa kudzigwira koma chiseko chinawatuluka m'mphuno. Anadzuka, natenga mpeni, nadula chitumbuwa chija. Atalawa anandiyang'ana ine n'kunena kuti chitumbuwa cha kusitolo chimadziwika ngakhale uchiveke chitenje cha ukwati. Tinaseka tonse. Ine mumtima ndinali nditayamba kale kuganiza za madazeni amene ndikaode.

Koma ndinafulumira kusangalala. Ataika foloko pansi anati awakhululukira Bambo Tarpley ndi mtima wonse, ndipo akadzadwala adzawaphikira msuzi, koma nthambo sidzatsikanso pazenera limenelo. Bambo Tarpley analonjeza kuti nyimbo imeneyo sadzaimbanso mpaka kufa. Mayiwo anangoloza panja. Pansi pa zenera chingwe chinkamenya pansi, ndipo timawu ta ana tinkamveka bwinobwino.

“Inu mwasiya, koma iwo ayamba kumene,” anatero. “Malinga ngati mukhala pansipo, aliyense wodutsa azikumbukira n'kuyang'ana m'mwamba. Mukachoka, chilimwe chikamatha adzakhala ataiwala. Komanso mudziwe kuti Earline aliyense amene mwakhala mukumuimba zaka zonsezi ali ndi zenera lake kwinakwake.”

Bambo Tarpley anaimirira, nathokoza chifukwa cha zaka zonse zija. Tili pakhomo Mayi Stubblefield anatiitananso. Anati kuseri kwa kona, kufupi ndi mlatho wa njanji, kuli Bambo Ulysses Crump amene amamata matayala, amuna a mnzawo wa m'kwaya. Ali ndi magetsi, ndipo makutu awo anagontha kalekale, moti sangamve ngakhale mutaimba dzina lawo, la amayi awo ndi la agogo awo. Tikawauze kuti atituma ndi Mayi Stubblefield.

Tinapita tsiku lomwelo. Kukambirana ndi Bambo Crump kunali ntchito yakeyake, ine ndikufuula, iwo akuyankha funso lina. Pomaliza tinamvana ndi zala: dola imodzi Lamulungu lililonse, koma nthambo tibwere ndi yathu. Pobayira nthambo ya magetsi pali kumbuyo kwenikweni kwa shopu, kuseri kwa mulu wa matayala, ndiye pafunika nthambo yaitali ndithu.

Malowo si kona yathu ija. Anthu amafikako ochepa, ambiri amabwerera pa wogulitsa njinga zakale. Pansi pali mafuta, ndipo sitima ikadutsa pamlatho mano amagwedezeka. Bambo Tarpley anaima pamenepo nthawi yaitali manja ali m'thumba. Anati munthu wa msinkhu wawo kuyambanso kuitana anthu pamalo atsopano ndi zamanyazi, mwina aja anyamata a lipenga awaseka. Kenako anaomba m'manja kamodzi kuti amve malowo. Mawu anapita pansi pa mlatho n'kubwerera atanenepa. Anaombanso. Anayesa kukuwa mzere umodzi, wopanda dzina la munthu, ndipo mayi wina amene ankadutsa ndi dengu tsidya lina anaima n'kucheuka.

“Waona?” ndinatero. “Mmodzi uyo. Ndipo wavala nsapato zopanda sokosi.”

Anandiuza kuti ndine mwana wopanda ulemu, ndipo ndikadzafa adzandipeza ndikugulitsa sokosi kwa onyamula bokosi. Koma anayamba kuyeza ndi phazi pamene mpando ungakhale. Pobwerera anandiuza lamulo lawo latsopano: woponya ndalama aziimbidwa dzina lake iye mwini, kaya akufuna kutamandidwa kaya kunyozedwa. Wofuna kuimbitsa mkazi amene wamuthawa abwere naye mkaziyo adzavomereze. Ndinati zimenezo ziwachepetsera ndalama. Anati ayi, anthu amakonda kumva dzina lawo kuposa la mdani wawo, kungoti amachita manyazi kupempha.

Anandifunsanso ngati ine nditsale pakona, popeza malo anga ndi abwino ndipo pamsika uno ukasiya malo Lamulungu limodzi umakapeza wina wamangapo kale. Ndinali nditaganiza kale. Kona yopanda nyimbo ndi msewu chabe, ndinaiona ndi maso anga. Msuweni wanga amene amagulitsa mipango wakhala akuisirira, ndipo ndamuuza kuti aitenge. Kumlatho kumadutsa amuna ochokera kumashifiti a kunjanji, anthu a nsapato zolemera amene amadya sokosi ngati mbewa, choncho ndisintha katundu: zaubweya zokhuthala zichuluke, za amayi zichepe.

Loweruka m'mawa ndipita kusitolo ya zitsulo kukagula nthambo ya mayadi makumi atatu, theka la mtengo ine, theka Bambo Tarpley. Ndikachoka kumeneko ndikaoda madazeni khumi. Lamulungu tidzafika kumlatho msika usanadzaze, ine ndi tebulo, iwo ndi mpando ndi kabokosi kawo, ndipo ndidzatumiza mawu kwa wokazinga soseji kuti aliyense wofunsa za Bambo Tarpley azimulozera kuseri kwa kona.